Mbali Inayo ya Goli

Anandipatsa ndime ya Lachinayi
pa kapepala kong'amba m'kope la mwana.
"Nangondo, sabata ino mawu mutigawire ndinu,"
anatero amayi a Mvano ku Mlanda, nanyamuka.
Ndinawerenga ndi kuwala kwa foni mpaka moto kutha,
ndipo mawu awiri anandiima pakhosi
ngati nthanga ya pichesi:
goli lofewa.

Lofewa pati?
Goli ndimalidziwa ine.
Lili kuseri kwa khola, chigonere chaka chachiwiri,
kuyambira pomwe Jamani anagwa ndi matenda a nkhupakupa
ndipo bambo a ana anamutsatira mvula isanagwe.
Ndinaonapo khosi la ng'ombe litanyuka,
ntchentche zikuchita ukwati pabala.
Akale ankati goli n'lomangira munthu wogulidwa.
Tsono uyu akuti senzani langa,
akuuza ine wosenza kale
fizi ya Tiyanjane, ngongole ya feteleza,
ndi denga lodontha pamutu pa mphasa?

Lachitatu ndinatsikira ku Lizulu
ndi ndowa ziwiri za kachewere,
chifunga chitakwirira msewu, malole akuyenda ndi nyali masana.
Kuseri kwa ogulitsa kabichi
a Kanyoza ankasema mtengo wa bulugamu.
Munthuyu satchalitchi.
Pakamwa pake pankamveka za dzulo.
Ndinafunsa ngati wofuna kugula:
"Kodi liliko goli lofewa?"

Anaseka, kasemasema ali m'manja.
"Mayi, lofewa ndi pilo.
Ife timati joko, ndipo ndi mtengo basi.
Koma ng'ombe zake ndi ziti?
Sindisemera ng'ombe yomwe sindinaigwire pakhosi.
Ina ili ndi linunda lalitali, ina lopendekera.
Ndimapita kukhola, ndimapapasa,
ndimabwera kudzapala, ndimapitanso.
Likakhala bwino, ng'ombe imaiwala kuti yavala."

Ndinati ndili nayo imodzi, Bantomu.

Anaika kasemasema pansi.
"Imodzi? Nanga mbali inayo mulowa ndani?
Joko la imodzi ine sindinasemepo.
Onani mabowo a zikeyi: awiri uku, awiri uko.
Ndipo mukamanga yaing'ono ndi yaikulu
unyolo mumausendezera kwa yaikuluyo,
kuti kamwanako kaziti kakukoka
pomwe ngolo ili pakhosi pa mnzake."

Kenaka anandipempha ya fodya.

Ndinakwera chitunda ndowa zili gwa,
kachewere nditagulitsa motchipa,
mawu aja akugubuduka m'mutu.
Masiku onsewa ndinkawerenga lofewa, lofewa,
osaona kamawu kali pambali pake:
langa.
Mwini goli sayenda m'mbuyo ndi mkwapulo.
Khosi lake lili kale m'menemo.

Lachinayi ndinalitenga kuseri kwa khola,
ndinasasa chiswe, ndinaika nkhata,
ndi kulisenza mpaka kutchalitchi.
Ana a sukulu ananditsatira akuseka.
Ndinaligoneka patsogolo pa mabulauzi oyera,
pomwe timaika mbale ya chopereka.
Ndinali nditakonza zambiri. Zinathawa.
Ndinangoloza uku: apa ndi panga.
Ndinaloza uko,
ndipo mawu anakana kutuluka.
Nachisale, amene anaika mwana mwezi wathawu,
anadzuka, nagwira mbali yopanda kanthuyo,
nakhala chigwirire mpaka pemphero lotsekera.

Sindinena kuti katundu wapepuka.
Fizi ikadalipo. Denga likudonthabe.
Mwina abusa akanamasulira mwina,
ndi mawu a Chigiriki ndi mabuku awo akuluakulu.

Koma m'mawa uno potsekula khola
ndaona chimene ndakhala ndikuchiona osachiona:
Bantomu akamapita kudambo yekha
sayenda pakati pa njira.
Amatsata kumanzere, mapazi m'udzu wamame,
kusiya malo kudzanja lamanja
okwana ng'ombe yathunthu.